Mabuku a Mbiri ya Dziko la Mabwato la Quetico-Superior

Kumpoto kwa chigawo cha Minnesota m'dziko la America, pamalire ndi chigawo cha Ontario cha ku Canada, kuli dera la nkhalango ndi matanthwe lodzaza ndi nyanja zing'onozing'ono. Mbali ya America yokha ili ndi nyanja zoposa 1,000, ndipo imatchedwa Boundary Waters Canoe Area Wilderness. Tsidya linalo kuli Quetico Provincial Park. Olemba akafuna kutchula mbali zonse ziwiri pamodzi amati Quetico-Superior, popeza mbali ya America ili m'kati mwa nkhalango ya boma ya Superior National Forest. Malo onsewa ndi aakulu masikweya kilomita opitirira pang'ono 9,000, kufanana ndi nkhalango ya South Luangwa ku Zambia. M'kati mwake mulibe msewu wa galimoto. Munthu amayenda pa bwato lopalasa, ndipo nyanja ikatha amatsitsa katundu, n'kusenza bwatolo chozondotsa pamapewa, mutu uli m'kati, kutsata kanjira mpaka atafika pa nyanja ina. Kuyambira cha mu Novembala mpaka kumayambiriro kwa Meyi, madzi amauma gwa chifukwa cha kuzizira.

Mlendo amene wafika lero, n'kuona magombe opanda nyumba, n'kumva mimbulu ikulira usiku, angaganize kuti kumeneku sikunapondepo phazi la munthu. Mabuku a mbiri ya derali amamutsutsa. Kunali kwawo kwa anthu kwa zaka masauzande. Kunadutsa njira yaikulu ya malonda a zikopa, kunalira nkhwangwa ndi macheka, kunamangidwa nyumba zogona alendo obwera pa ndege. Bata limene lilipo tsopano linachita kumenyeredwa m'nyumba za malamulo kwa zaka zoposa 50, ndipo ena analilipira ndi msamuko. Munthu akawerenga mabukuwa motsatana amaonanso kuti eni dziko, amene anafika poyamba, ndiwo anachedwa kupatsidwa mpata wolemba.

Eni dziko ndi mlembi wawo woyamba

M'zaka za m'ma 1600 ndi 1700 m'derali munkapezeka a Cree, a Dakota ndi a Assiniboine, koma amene anakhazikika mpaka lero ndi a Ojibwe, omwe amadzitcha Anishinaabe. Bwato lawo silinali losema m'thunthu la mtengo ngati la asodzi a m'nyanja ya Malawi, limene silingasenzeke paphewa. Iwo ankasenda khungwa la mtengo wa birch, kulikulunga pa nthiti zopyapyala za mtengo wa mtundu wa mkungudza, kulisoka ndi mizu, n'kumata mipata ndi utomoni. Linkapepuka moti munthu mmodzi ankalinyamula, ndipo likabooka pamwala ankalikonzera pagombe pomwepo. Mbiri yonse ya Quetico-Superior yatsamira pa bwato limeneli.

Buku loyenera kuyambira ndi History of the Ojibway People la William Whipple Warren. Warren anabadwa mu 1825 ku La Pointe, pachilumba cha m'nyanja ya Superior. Bambo ake anali mzungu wamalonda, mayi ake anali ndi magazi a Chiojibwe ndi a Chifalansa. Anakula akuyankhula Chiojibwe, nagwira ntchito yomasulira, ndipo akuluakulu ankamukhulupirira. Ankakhala nawo pansi n'kumalemba zimene ankasimba: ulendo wa makolo wochokera kummawa, ziwongo za mafuko monga cha chimbalangondo ndi cha mbalame zam'madzi, komanso nkhondo zawo ndi a Dakota. Atamaliza kulemba mu 1852 anapita ku New York kukafuna womusindikizira, koma anabwerako chimanjamanja. Chifuwa chachikulu chinamutenga mu 1853 ali ndi zaka 28 zokha, ndipo bukulo linadikira mpaka 1885 pamene bungwe la Minnesota Historical Society linalisindikiza. Nkhani zake zambiri ndi za kummwera kwa dera la mabwatoli, ndipo zaka zina zimene amatchula n'zongoyerekeza, koma ulemu wake ndi wakuti mawu a akuluakulu anawatenga ngati umboni weniweni, pa nthawi imene ophunzira ankawayesa nthano.

Mabuku ena awiri amaonetsa moyo wa tsiku ndi tsiku. John Tanner anagwidwa ali kamnyamata ku Kentucky, naleredwa ndi mayi wa mtundu wa Ottawa, ndipo anakhala zaka pafupifupi 30 pakati pa a Ojibwe m'madera a Rainy Lake ndi Lake of the Woods. Mbiri yake, imene inatuluka mu 1830, ndi yowawa: njala ya m'nyengo yachisanu, alenje obwerera opanda kanthu, mabanja oyenda mtunda wautali kutsata nyama. Frances Densmore, m'buku la Chippewa Customs la 1929, analemba mwatsatanetsatane ntchito za manja. Pokolola mpunga wam'madzi wodzimerera wokha, umene a Ojibwe amautcha manoomin, mmodzi amakankha bwato ndi mponda, mnzake atakhala pansi ndi timitengo tiwiri, kamodzi kokokera ngala m'bwato, kena kozimenyera pang'ono kuti njere zakupsa zokha zigwe. Zosapsa zimatsala, zina zimagwera m'madzi n'kudzamera chaka chamawa.

Njira ya zikopa

Mzungu woyamba wodziwika kuti anafika ku Rainy Lake ndi Jacques de Noyon, mu 1688. Mu 1731 gulu la La Vérendrye linalowera njira ya Grand Portage, motsogozedwa ndi mapu amene anajambula munthu wa mtundu wa Cree dzina lake Ochagach. Chimene chinkawakoka ndi beaver, nyama yam'madzi yomanga madamu ndi mitengo, imene ubweya wake unkapangidwa zipewa zodula ku Ulaya. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1700 malondawa anali m'manja mwa kampani ya North West Company ya ku Montreal, ndipo likulu lake lam'thengo linali pa Grand Portage, m'mphepete mwa nyanja ya Superior. Dzinali limanena njira ya pansi ya makilomita pafupifupi 14 yolambalala mathithi a mtsinje wa Pigeon.

Alexander Mackenzie, m'buku la Voyages from Montreal la 1801, anafotokoza zochitika pamalopa. Chaka chilichonse mu Julaye, mabwato aakulu a mamita 11 ankafika kuchokera ku Montreal atadzaza nsalu, mikanda, nkhwangwa, miphika, mfuti, wonga, fodya ndi mowa waukali. Kuchokera m'kati mwa dziko kunkabwera mabwato ocheperako, a mamita 8, odzaza zikopa. Katundu yense ankamangidwa m'mitolo ya makilogalamu 41. Opalasa, omwe ankatchedwa voyageur ndipo ambiri anali Afalansa a ku Quebec, analinso amtengatenga. Aliyense ankabereka mitolo iwiri nthawi imodzi ndi lamba wodutsa pamphumi, ndipo pa Grand Portage ankayenera kuwolotsa mitolo 8. Woonjezera pamenepo ankalandira dola imodzi ya ku Spain pa mtolo. Kenako Mackenzie amayenda ndi wowerenga nyanja ndi nyanja, kutchula kutalika kwa kanjira kalikonse konyamulira bwato. Pa Crooked Lake amanena za thanthwe losalala limene m'ming'alu yake munali mivi yambiri, yomwe akuti anailasa ankhondo a Dakota ngati chenjezo. Tinjira tambiri timene anatchula ndi timene alendo amapondamo lero.

Zolemba za tsiku ndi tsiku za John Macdonell za 1793, zimene zili m'buku la Five Fur Traders of the Northwest, zimasimba mwambo wa pamalo otchedwa Height of Land, pamene madzi amasiyana, ena kulowera ku nyanja ya Superior, ena ku Hudson Bay. Wodutsapo koyamba ankawazidwa madzi ndi nthambi ya mkungudza, n'kulumbiritsidwa kuti sadzalola mlendo wina kudutsa osachitiridwa mwambowo, ndiponso kuti sadzapsompsona mkazi wa mnzake mkaziyo iye mwini asanalole. Kenako zinkalira mfuti, n'kumwa mowa. Kuyambira pamenepo munthuyo ankawerengedwa ngati mwamuna wa kumpoto, wosiyana ndi aja ongofika pa Grand Portage n'kubwerera, amene ankanyozedwa kuti ndi odya nkhumba.

Zolemba zonsezi ndi za mabwana ndi makalaliki. Opalasa enieniwo ambiri sankadziwa kulemba, choncho panafunika munthu wotolera nyenyeswa za moyo wawo m'makalata a ena. Ntchitoyi anaigwira Grace Lee Nute, amene kwa zaka zambiri ankasunga zolemba zakale ku Minnesota Historical Society. Buku lake la The Voyageur la 1931 limafotokoza zovala zawo, chakudya chawo cha chimanga chophika ndi mafuta, nyimbo zopalasira, ndi kawerengedwe ka mtunda: ankapuma ola lililonse kuti asute, motero kutalika kwa nyanja kunkanenedwa m'makaliwo. Mu 1941 anatulutsa kabuku kakang'ono ka The Voyageur's Highway, konena za njira yam'malire yokhayo. Kakusindikizidwabe, ndipo kaphunzitsa mibadwo ya apaulendo kuona kuti mwala wosalala umene akutsitsirapo katundu unasalala ndi mapazi a anthu akale.

Nute ankawakonda anthu akewa mwina mopyola. Voyageur wake ndi wansangala, woimba, wosadandaula. Olemba a pambuyo pake anabwezeretsa zimene iye anazichepetsa. Carolyn Podruchny, mu Making the Voyageur World ya 2006, amaonetsa mapangano a ntchito, ngongole zimene zinkamangirira munthu ku kampani, matupi ophwanyika ndi katundu, ndi njira zimene antchito ankakanira mabwana, kuphatikizapo kuthawa. Sylvia Van Kirk, mu Many Tender Ties ya 1980, anaika amayi pamalo pawo: akazi a eni dziko okwatiwa ndi amalonda ndiwo ankasoka nsapato zachikopa, kuluka nsapato zoyendera pa chipale chofewa, kufutsa nyama ndi kumasulira zinenero, ndipo popanda iwo malondawo sakanayenda. Carolyn Gilman, mu The Grand Portage Story ya 1992, anakana kuthera nkhani mu 1803, chaka chimene kampani inasamukira ku Fort William. A Ojibwe a pa Grand Portage sanasamuke nawo. Alipo mpaka lero, ndipo ndiwo anapereka malo amene mu 1958 anakhala chikumbutso cha dziko.

Umboni wina unatuluka pansi pa madzi. Panali maganizo akuti opalasa otopa nthawi zina ankayesa kudutsa pamathithi ndi bwato m'malo mosenza, ndipo ena ankagubuduzika. Mu 1960 akatswiri omira m'madzi anafufuza m'munsi mwa mathithi a Horsetail pa mtsinje wa Granite, napeza miphika ya mkuwa yoposa khumi, yolowetsana umodzi m'kati mwa unzake monga mmene inalongedzedwera ku Montreal. Kafukufukuyu anapitirira mpaka 1973, mogwirizana ndi Royal Ontario Museum, ndipo anavuula nkhwangwa, mipeni, mikanda ndi zipolopolo. Buku la Voices from the Rapids la 1975 ndi laling'ono, koma limagwira mtima: mtolo uliwonse wopezeka pansi pa mathithi ukunena za bwato limene silinafike.

Ngakhale malire a mayiko awiriwa anabadwa m'njira ya mabwato. Pangano la ku Paris la 1783 linatsamira pa mapu olakwika a John Mitchell, ndipo linatchula nyanja ya Long Lake imene palibe ankadziwa pamene ili. Britain inkafuna malire atsikire kummwera, ku mtsinje wa St. Louis; America inkawakankhira kumpoto, ku mtsinje wa Kaministiquia. Oyeza malo, mmodzi mwa iwo David Thompson, anayenda m'nyanjazi m'ma 1820, ndipo mlanduwo unatha ndi pangano la Webster-Ashburton la 1842, limene linatsata njira yozolowereka ya opalasa kudzera mtsinje wa Pigeon, n'kulamula kuti madzi ndi tinjira tonyamulira mabwato tikhale totseguka kwa anthu a mayiko onse awiri. William Lass anaunika zonsezi mu Minnesota's Boundary with Canada ya 1980, buku lofuna kudekha koma lodalirika.

Nkhondo ya madamu, ndege ndi injini

Malonda a zikopa atazilala kunabwera migodi ya chitsulo, ku Soudan mu 1884 ndi ku Ely patapita zaka zochepa, ndipo kuyambira m'ma 1890 makampani a matabwa anagwetsa mitengo ikuluikulu ya paini. Mu 1909 pulezidenti Theodore Roosevelt anakhazikitsa Superior National Forest, ndipo chaka chomwecho Ontario inapatula Quetico, imene inakhala paki mu 1913. Mu 1926 boma la America linalonjeza kusiya maekala 640,000 opanda misewu. Mbiri ya zaka zimenezi ndi zotsatira zake yalembedwa bwino koposa ndi R. Newell Searle mu Saving Quetico-Superior ya 1977.

Pakati pa bukuli pali anthu awiri. Edward Backus anali mwini mafakitale a mapepala ku International Falls ndi ku Fort Frances, munthu wachuma ndi wamphamvu m'ndale. Mu 1925 anabweretsa mapulani omanga madamu angapo m'nyanja zam'malire kuti apange magetsi, zimene zikanakweza madzi ndi mamita oposa 20 m'malo ena, kumiza zilumba, mathithi ndi magombe. Womutsutsa anali Ernest Oberholtzer, munthu wamfupi, wophunzira ku Harvard, amene madokotala anamuuza ali mnyamata kuti mtima wake sukhalitsa. Iyeyu anali atapalasa m'derali kuyambira 1909 ndi mnzake wa Chiojibwe Billy Magee, ndipo mu 1912 awiriwa anayenda makilomita oposa 3,000 kukafika ku Hudson Bay ndi kubwerera. Oberholtzer ankakhala pa kachilumba ka Mallard m'nyanja ya Rainy, wopanda chuma. Anatsogolera bungwe la Quetico-Superior Council, kulemba makalata ndi kugogoda m'maofesi a ku Washington, mpaka mu 1930 nyumba ya malamulo inavomereza lamulo la Shipstead-Newton-Nolan, loletsa kusintha mlingo wa madzi ndi kudula mitengo pamtunda wa mamita 120 kuchokera pagombe. Chuma cha Backus chinagwa m'mavuto azachuma a nthawiyo, ndipo anamwalira mu 1934, chaka chimene bungwe la mayiko awiriwa loona za madzi am'malire linakana mapulani ake. Oberholtzer sanalembe buku limene ankalakalaka kulemba. Nthawi yake inathera pa nkhondoyi. Moyo wake anausimba Joe Paddock mu Keeper of the Wild ya 2001.

Nkhondo yachiwiri yapadziko lonse itatha, vuto linakhala ndege zotera pamadzi, zimene zinkatula asodzi pa nyumba zogona alendo m'katikati mwa thengo. Lamulo la Thye-Blatnik la 1948 linapereka ndalama zogulira nyumbazo, ndipo mu 1949 pulezidenti Harry Truman analetsa ndege kuuluka pansi pa mamita pafupifupi 1,200 m'derali. Pankhondo imeneyi ndi pamene panamveka kwambiri dzina la Sigurd Olson.

Olson anali mphunzitsi pa koleji ya ku Ely ndiponso woperekeza alendo pa bwato. Mabuku ake, kuyambira The Singing Wilderness ya 1956, si a mbiri kwenikweni. Ndi nkhani zifupizifupi zosinkhasinkha za bata, madzi ndi moto wa pamsasa. Komabe sangasiyidwe, chifukwa iwo eni anasintha mbiri. Anthu a m'mizinda yakutali amene sanagwirepo nkhafi anayamba kuona derali ngati chuma chawo, ndipo anthu amenewa ndi amene ankalembera aphungu awo. David Backes, mu A Wilderness Within ya 1997, anagwiritsa ntchito zolemba zachinsinsi za Olson n'kuonetsa munthu wosiyana ndi mkulu wodekha wa pazithunzi: wokhumudwa, amene akonzi a magazini anamubwezera zolemba zake kwa zaka zambiri, amene buku lake loyamba linatuluka ali ndi zaka 57. Amaonetsanso kuti Olson poyamba ankavomereza kupha mimbulu, ndipo anasintha maganizo ataiphunzira yekha m'thengo.

Lamulo la Wilderness Act la 1964 linaphatikiza Boundary Waters, koma ndi chiganizo chapadera cholola kudula mitengo ndi kuyendetsa mabwato a injini. Chiganizo chimenecho chinabala milandu ndi chidani kwa zaka 14. Mu Julaye 1977 aphungu anakamva maganizo a anthu ku Ely. Malole onyamula mitengo anandanda m'misewu, panja panapachikidwa chidole choimira Olson, ndipo mkuluyu, wa zaka 78, ataimirira kuti ayankhule, anthu a m'tauni yake yomwe anamukuwiza. Pa 21 Okutobala 1978 pulezidenti Jimmy Carter anasaina lamulo lothetsa kudula mitengo, loletsa migodi m'katimo, ndi losiya injini pa nyanja zowerengeka zokha. Buku la Troubled Waters la 1995, lolembedwa ndi Kevin Proescholdt, Rip Rapson ndi Miron Heinselman, limalondola nkhaniyi sabata ndi sabata. Olembawo anali m'gulu lopambana, ndipo sabisa. Wowerenga ayenera kukumbukira kuti anthu a ku Ely sanali ongodana ndi chilengedwe. Ambiri anali zidzukulu za anthu ochokera ku Finland ndi Slovenia amene anabwera kudzakumba chitsulo. Mgodi wawo womaliza unatsekedwa mu 1967, ndipo tsopano ankauzidwa ndi anthu akutali mmene angawedzere m'nyanja zimene anakuliramo. Buku lina la Backes, Canoe Country la 1991, limayesetsa kumvetsa chithunzi cha derali chimene gulu lililonse linali nacho m'mutu.

Mtengo wa malamulowa umaoneka bwino pa moyo wa Dorothy Molter, namwino wochokera ku Chicago amene anakhala zaka zoposa 50 pa zilumba za m'nyanja ya Knife. Ndege zitaletsedwa sakanathanso kuitanitsa zakumwa, choncho anayamba kufulula yekha chakumwa chotsekemera chosaledzeretsa chotchedwa root beer, mabotolo masauzande pachaka, n'kumaziziritsa ndi zibuma za madzi oundana zimene ankacheka m'nyengo yachisanu. Apaulendo ovulala ankapeza chithandizo kwa iye. Boma litafuna kumuchotsa, anthu anakwiya kwambiri moti analoledwa kukhala mpaka imfa yake mu 1986. Nyumba zake zamitengo anaziphwasula n'kukazimanganso ku Ely, ndipo pazilumbapo pameranso tchire. Bob Cary analemba mbiri yake mu Root Beer Lady. Justine Kerfoot, amene anayendetsa nyumba ya alendo pa nyanja ya Gunflint, anasimba yekha moyo wake mu Woman of the Boundary Waters ya 1986, ndipo amavomera kuti luso lokhalira m'thengo anaphunzitsidwa ndi anansi ake a Chiojibwe.

Mbiri yolembedwa m'mitengo

Miron Heinselman, katswiri wa zankhalango, anawerenga mbiri ya mtundu wina. Mtengo wa paini umene wapulumuka moto umatsala ndi chipsera, ndipo mizere ya m'thunthu imasonyeza chaka chimene unapsa. Pobowola ndi kuwerenga mitengo yochuluka, iye analondola moto wolusa m'derali kubwerera mpaka 1595, napeza kuti zaka monga 1864, 1875 ndi 1894 kunapsa madera aakulu, ndi kuti pa zaka pafupifupi 100 zilizonse malo ofanana ndi nkhalango yonse ankakhala atapsa. Paini wa mtundu wa jack pine amasunga njere zake m'zibalobalo zomata ndi utomoni, zimene zimatseguka zikamva kutentha kwa moto. Tanthauzo lake linali lovuta kulimeza kwa akuluakulu a zankhalango: kuzimitsa moto uliwonse, monga ankachitira kuyambira kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, kunali kusintha nkhalango imene ankati akuiteteza. Buku lake, The Boundary Waters Wilderness Ecosystem, linatuluka mu 1996 iye atamwalira kale. Clifford ndi Isabel Ahlgren, mu Lob Trees in the Wilderness ya 1984, anatenga dzina la buku ku mitengo italiitali imene opalasa ankaisadza nthambi kuti ikhale chizindikiro cha njira, ndipo anaonetsa mmene zomera zimasungira mapazi a aliyense amene anakhalapo.

Zimene Heinselman ananena zinaoneka pasanapite nthawi yaitali. Pa 4 Julaye 1999 mphepo yamkuntho inagwetsa mitengo pa maekala oposa 300,000. Mu 2007 moto wa ku Ham Lake, umene Cary Griffith anaulemba mu Gunflint Burning, unatentha nyumba zambiri, ndipo mu 2011 moto wa Pagami Creek unapsereza maekala oposa 90,000. Mkangano wa masiku ano ndi wa migodi ya kopa ndi nikelo imene ikufunidwa kunja kwa malire, pafupi ndi mtsinje wa Kawishiwi, umene madzi ake amalowa m'thengomo. Amy ndi Dave Freeman anakhala m'katimo masiku 366 pofuna kuchenjeza anthu za ngoziyo, n'kulemba A Year in the Wilderness mu 2017.

Eni dziko atenganso cholembera

Mabuku ambiri a m'zaka za m'ma 1900 amatchula a Ojibwe m'mutu woyamba, kenako n'kuwaiwala. Chikhalirecho m'pangano la La Pointe la 1854, limene linapereka dera la mbali ya America ku boma, iwo anasunga ufulu wosaka, wowedza ndi wokolola m'malowo. Ku Canada, pangano la 1873 linawapatsa malo okhala, ena mwa iwo pa Kawa Bay, m'katikati mwa Quetico. Paki itakhazikitsidwa, kusaka ndi kutchera misampha kunaletsedwa, mabanja anakankhidwira kunja, ndipo mu 1915 malo a pa Kawa Bay anafufutidwa m'kaundula. Boma la Ontario linapepesa kwa a Ojibwe a ku Lac La Croix mu 1991. Shirley Peruniak, amene anagwira ntchito m'pakiyo zaka zambiri akujambula mawu a okalamba, anaika mbiri imeneyi mu Quetico Provincial Park: An Illustrated History ya 2000.

Mu 1996 Betty Powell Skoog, amene anakulira kwa agogo ake pa nyanja ya Saganagons, anatulutsa A Life in Two Worlds mothandizidwa ndi Kerfoot. Mu 2019 Staci Lola Drouillard analemba Walking the Old Road, mbiri ya mudzi wa Chippewa City pafupi ndi Grand Marais, kumene makolo ake ankakhala. Malo a mudziwo anachoka m'manja mwa eni ake pang'onopang'ono, ndipo lero kwatsala tchalitchi chaching'ono chamatabwa ndi manda. Bukuli linamangidwa pa mawu a akuluakulu, monga lija la Warren. Louise Erdrich, mlembi wotchuka wa Chiojibwe, mu Books and Islands in Ojibwe Country ya 2003, anayenda ndi mwana wake wamng'ono kukaona zojambula za pamatanthwe ku Lake of the Woods, nakacheza pa kachilumba ka Oberholtzer, pamene pasungidwa mabuku oposa 10,000. Iye amakumbutsa kuti m'Chiojibwe mawu otanthauza buku, mazina'igan, ndi mawu otanthauza zojambula za pathanthwe amachokera ku tsinde limodzi.

Zojambulazo, za utoto wofiira wadothi, zili m'matanthwe oyang'ana m'madzi ku Lac La Croix, ku Crooked Lake ndi m'malo ena ambiri. Selwyn Dewdney anayamba kuzikopera ali m'bwato mu 1957, ndipo pamodzi ndi Kenneth Kidd anatulutsa Indian Rock Paintings of the Great Lakes mu 1962. Zodziwika kwambiri zili pa nyanja ya North Hegman pafupi ndi Ely: munthu wotambasula manja, chinyama chanyanga chotchedwa moose, ndi nyama ina ya mchira wautali. Carl Gawboy, katswiri wojambula wa Chiojibwe wa ku Bois Forte, mu Talking Sky ya 2014 imene analemba ndi Ron Morton, akuti chithunzichi ndi mapu a kumwamba. Kwa iye munthu wotambasula manjayo ndi gulu la nyenyezi limene azungu amalitcha Orion, pamene a Ojibwe amalidziwa ngati Wobweretsa Chisanu, ndipo nyama zinazo ndi magulu ena a nyenyezi. Nyenyezi za Wobweretsa Chisanu zimaonekera bwino madzulo m'miyezi imene nyanja ya Hegman imauma, moti munthu amakafika pathanthwepo wapansi.